Makoma Anayi a Dinnah

Lumo linali litafika pakati pa mutu wa Aroni pamene amalume ake, a Yotamu, anayamba nkhani ya nyumba.

"Ija ya kuseri igwe mawa," anatero, akuloza ndi chibwano. "Ine mkuja ndikubwerera ku Vubwi. Mitambo yayamba kale kusonkhana, munda wanga sindinaugalauze n'komwe."

Feston, mdzukulu amene dzulo lake anatsogolera okumba manda, sanaimitse dzanja. Anapinda khutu la Aroni ndi chala n'kupitiriza kumeta.

"Osagwedeza mutu, bwana injiniya. Ndikakudula khutu uziyesera pati mafoni a anthu?"

Amuna awiri atatu anaseka chapansipansi. Adzukulu amaloledwa kunena chilichonse pamaliro, ndipo Feston sankataya mwayi umenewo. Aroni anangoyang'ana tsitsi lake likugwera pafumbi. Injiniya wa pabanjapo anali atamuika m'manda dzulo. Dinnah, mlongo wake wamng'ono, anali m'chaka chachinayi ku yunivesite. Anabwera kumudzi kudzamaliza zina panyumba yake yoyesera mvula isanayambe, ndipo njinga yamoto imene anakwera pochokera ku Katete inawombedwa ndi lole pamsewu waukulu.

Nyumbayo inaima kuseri kwa khola la mbuzi. Inali ya chipinda chimodzi, yamalata, ya njerwa zosawotcha. Makoma ake anayi anali osiyana maonekedwe, lina lotuwa, lina lofiirira, ngati munthu wovala zobwereka.

Mtsikana wina anadzuka pakati pa amayi nadzagwada chapatali ndi a Yotamu. Anali Pamela, mnzake wa Dinnah wa m'kalasi. Basi ya ophunzira inabwerera ku Lusaka maliro atangoikidwa, koma iye anatsala. Anagwira mfundo ya chitenje ndi dzanja limodzi, poti chinkangofuna kumasuka.

"Ba malume, nipemphako kukamba."

"Lankhula, mwana wanga."

"Ija nyumba ni pulojekiti. Siingagwe manje. Ifunika kupita mu mvula yonse mpaka Epulo."

"Mwini pulojekiti tamuika dzulo."

"Tinali awiri, ba malume."

Anawafotokozera pang'onopang'ono, m'Chinyanja chake cha m'tauni. Ku yunivesite anasankha ophunzira ochepa kuti awaphunzitse kuchita kafukufuku wa kamangidwe kosamaliza mitengo. Iye ndi Dinnah anatenga nkhani ya njerwa. Uvuni umodzi umadya mitengo yochuluka, ndiye iwo anafuna kuona ngati njerwa yongopsinjidwa ndi makina a manja ingapirire mvula ya kuno. Khoma lililonse analisakaniza mwa njira yakeyake. Nyumbayo ikagwa mvula isanaiyese, ntchito yawo yonse ithera pomwepo.

A Yotamu anamvetsera mpaka pamapeto. Ankagulitsa mtedza m'malire a mayiko atatu, ndipo anazolowera kudikira kuti mnzawo amalize kaye.

"Zonsezo ndamva," anatero. "Koma mtembo unagona m'menemo. Imeneyo tsopano ndi nyumba ya siwa. Akanagona m'nyumba yaikuluyi tikanangosesa ndi kuzira pansi, poti muli anthu amoyo. Koma ija mwini wake ndi amene wapitayo. Ndi yadothi, mulibe munthu. Nyumba yotero sitiisiya chiimire kuti iziwayang'ana amayi ake m'mawa uliwonse."

"Nanga munamugonekela chani muja?"

"Funsa mlongo wake uyo. Ndiye anasankha."

Feston anatembenuza mutu wa Aroni kuti amete mbali inayo, ndipo Aroni anapezeka akuyang'anizana ndi Pamela.

"Kunkatentha," anatero. "Ndi nyumba yokhayo yozizira pano."

Zinali zoona. Bokosi linafika masana a mwezi wa Okutobala, malata a nyumba yaikulu akuthetheka ndi dzuwa, amayi akudzikupiza ndi nsonga za zitenje. Aliyense pamudzipo ankanena kuti m'nyumba ya Dinnah mumazizira ngati pansi pa mtsuko. Aroni ndiye anati, "Mugonekeni m'nyumba yake." Anafunadi kuti mlongo wake agone pozizira. Koma anakulira pamudzi womwewo, ndipo anaonapo adzukulu akugwetsa nyumba zingapo pambuyo pa maliro. Mawuwo asanathe kutuluka m'kamwa, iye anali atadziwa kale chimene chidzatsatire. Sanawabweze.

Masana Pamela anamupeza akutsuka mutu ndi madzi a m'ndowa pafupi ndi khola.

"Ba Aroni, bwelani muoneko chabe."

"Ndikuona ndili pano."

Khola la mbuzi ndilo linali malire ake. Chimangidwire nyumbayo sanalidutsepo. M'tchuthi cha mwezi wa Julayi Dinnah anafika ndi makina opsinjira njerwa pangolo, nkhope ili mbuu ndi fumbi, akufuula asanatsike n'komwe kuti, "Achimwene, mundithandizatu!" Aroni anati ali ndi ntchito zambiri ku Katete. Anagona kwa mnzake kumeneko mpaka anamva kuti malata akhomedwa.

Woyamba kupita ku yunivesite pabanjapo anali iye. Mudzi wonse unamuperekeza mpaka pamsewu, abusa anamupempherera kutsogolo kwa mpingo, amayi ake anapha tambala amene ankamusungira Khirisimasi. M'chaka chachiwiri masamu anamukana. Analembanso, anamukananso. Pobwerera anatsikira pa Sinda kuti anthu a pa Katete asamuone ndi chikwama. Tsopano ankakonza mafoni pansi pa ambulera kumsika. Mabuku ake anatenga Dinnah, dzina la Aroni likadali pachikuto, ndipo zimene zinamuzunguza iye mutu teremu yonse Dinnah ankazimva tsiku limodzi. Nthawi zina ankamuimbira foni kuchokera ku Lusaka kumufunsa funso la m'kalasi. Aroni ankadziwa kuti yankho lake mlongo wakeyo akulidziwa kale. Pa zonse, chimenechi ndicho chinkamupweteka kwambiri.

Pamela sanadikire kuti asunthe. Anayenda mozungulira nyumbayo akugunda khoma lililonse ndi chikhatho, akukweza mawu kuti amve.

"Ili lili na simenti pang'ono. Ili laimu, ija mumati njereza. Ili tinaikamo phulusa la zitsononkho, zija mumataya mukapukusa chimanga. Lija la kumbuyo ni dothi chabe, sitinaikemo kanthu. Tifuna tione mwamene lizadyekela."

"Munamanga khoma loti lidyeke."

"Ee. Kuti tidziwe ngati enawa achita bwino."

Aroni ankadziwa chifukwa chake. Anachiphunzira m'chaka choyamba, m'chipinda chokhala ndi mafani osazungulira. Mawu ake a Chingerezi anamubwerera m'kamwa, koma anawameza.

Pamela anamuonetsa timitu ta misomali yokhomedwa m'mizere, tolingana ndendende ndi khoma. Mvula ikakokolola dothi, msomali umatulukira. Pamafunika munthu woyeza ndi rula ikangokata mvula yaikulu iliyonse, kuti aone kuti watulukira motani.

"Tinali kufuna munthu wopima. Dinnah anakamba ati imwe mudziwa."

"Kugwira rula ndimadziwa, inde. Chaka ndi theka ku yunivesite, chimenecho ndicho ndinabwera nacho."

"Sininatanthauze so."

"Ndiye ine ndiziyeza misomali m'matope, inu mudzavale gauni."

"Ripoti izakhala na dzina la Dinnah."

"Chilichonse pano chili ndi dzina la Dinnah." Aroni anakhuthula madzi otsala m'ndowa. "Kafunseni aliyense kuno ku Mkaika kuti kwa amayi anga, a Nabanda, n'kuti. Akuuzani kuti kwa amake injiniya. Mukuganiza kuti amanena ine?"

Pamela anamuyang'ana. Maso ake anali otupa, ndipo Aroni anachita nawo nsanje ngakhale maso amenewo. Mtsikanayu ankalira mosavuta, misozi yake inalibe chosakaniza. Ankadziwa Dinnah wa zaka zinayi zapitazi, zimene ankadya, zimene zinkamuseketsa, mmene ankaimira pamaso pa aphunzitsi. Aroni akanatha kuzidziwa zonsezo. Dinnah ankayamba kumufotokozera, iye n'kunena kuti kasitomala wafika.

"Mwamene Dinnah anali kukambila za imwe," anatero Pamela, "ninali kuganiza ati ndimwe munthu wina."

"Ankati chiyani?"

"Pitani mukamufunse."

Atangonena, Pamela anatseka pakamwa ndi dzanja. Aroni ananyamula ndowa n'kuchokapo.

Dzuwa litapendeka anapeza amayi ake, a Yunesi, atakhala pakhonde pakati pa mbale zobwereka za pamaliro. Mbale iliyonse inali ndi kadontho ka penti kunsi: wobiriwira za kwa a Monica oyandikana nawo, wofiira za amayi a Chigwirizano cha kutchalitchi, woyera za kusukulu. Ankatembenuza imodziimodzi n'kuiika pamulu wake. Duku linawakulira tsopano poti tsitsi linali litachoka.

"Khala pansi," anatero osamuyang'ana. "Mlendo uja walira."

"Aliyense akulira, amama."

"Ndalankhula nawo amalume ako. Akuti wina wa magazi athu akalowamo n'kumagonamo, siigwa. Ikhala nyumba ya munthu wamoyo."

"Lowanimoni inu."

"Ine ndikagone pamene panagona bokosi la mwana wanga?" Anatembenuza mbale ina. "Ndidzafa mvula isanathe. Iwe umagona m'chipinda cha matumba, limodzi ndi makoswe."

"Makoswe sanandifunsepo za mayeso."

"Aroni."

"Mukufuna ndikhale mlonda wa digiri yake."

"Ndikufuna umuchitire mlongo wako chinthu chimodzi. Atakupempha ali moyo unathawira ku Katete."

Aroni anatola mbale ya dontho lofiira naiika pamulu wolakwika. A Yunesi anaichotsa mwakachetechete n'kuiika poyenera.

"Munali ndi ana awiri amene anapita ku yunivesite, amama. Dzulo abusa alalikira ola lathunthu. Nyenyezi ya mudzi, woyamba wa m'dera lino, chitsanzo cha achinyamata. Woyamba! Anthu amene anandiperekeza ine pamsewu anali pompo, akuvomereza ndi mitu."

"Atchula mmodzi chifukwa mmodzi ndiye anali m'bokosi. Ukufuna nawe akutchule?"

Nkhuku inadutsa pakati pa mbale. Palibe anaiingitsa.

"Iwe ndinakubala ine," anatero a Yunesi. "Pamene unati timugoneke muja, ndinakuyang'ana kumaso. Sindinanene kanthu, chifukwa kunkatenthadi."

Aroni anamva khungu la pamutu pake likuyabwa pomwe lumo linakanda. Anayembekeza kuti apitiriza, kuti amukalipira, kuti amutchula dzina limene iye akanatha kulikana. Iwo anangopukuta mbale ndi nsonga ya chitenje.

"Adzukulu abwera m'mawa. Ine sinditsutsana ndi achimwene anga pamaso pa anthu, ndiwo anandiimira chimwalirire bambo ako. Zili kwa iwe."

"Igwe," anatero Aroni.

"Chabwino. Tenga za penti wobiriwirazi upereke kwa a Monica."

Ananyamula mbalezo. Panjira ankaganiza za malo aja atasalazidwa. Amayi ake adzabzalapo maungu. Mvula ziwiri zikadzadutsa sipadzakhalanso choti alendo aziloza, palibe mphunzitsi adzabweretsenso ana a sukulu kudzaona zimene mwana wa pano anamanga. Mtima wake unapepuka, ndipo kupepukako kunamunyansa mpaka anaima pambali pa njira kulavula.

M'mawa mwake Feston anafika ndi anzake awiri, atanyamula piki, makasu ndi makwerero. Ankaimba nyimbo yonyoza amuna a pamudzipo kuti sadziwa kukumba. A Yotamu anatulutsa mpando naukhazika pamthunzi wa khola. A Yunesi sanatuluke pabwalo. Anaima pangodya ya nyumba yaikulu, pamene akanatha kuona kapena kusaona.

Pamela anali atadzuka kale. Anajambula khoma lililonse ndi foni, pafupi ndi patali, misomali ikadali yobisika bwinobwino m'dothi lomwe mvula inali isanalikhudze. Atamaliza anagwadanso kwa a Yotamu.

"Mukati muli tumakina twa yunivesite, tupima kutentha na chinyezi. Ningalowe nitenge?"

"Mlendo satulutsa katundu pasiwa, mwana wanga."

"Tilowe ife!" anatero Feston. "Koma mukudziwa, chimene mdzukulu wagwira n'chake. Tumakinato tumaimba nyimbo?"

"Aroni," anaitana a Yotamu. "Lowa utulutse zonse. Dzuwa likukwera."

Panalibe pokanira. Aroni anadutsa khola la mbuzi. Pafupi, njerwazo zinali zosalala, za m'mbali mowongoka ngati sopo. Anakankha chitseko, ndipo polowa anaweramitsa mutu monga ankachitira pakhomo lililonse chiyambire ali ku sekondale: pakhomo la amayi ake, la tchalitchi, la minibasi, la kontena ya kumsika. Anatengera msinkhu wa bambo ake, ndipo pamphumi pake panali zipsera za makomo ambiri.

Feston anaphulika kuseka.

"Ukuweramira ndani, bwana injiniya? Muli apongozi ako m'menemo? Weramuka!"

Aroni anaima pakati pa khomolo. Anawongola khosi pang'onopang'ono, akudikira kuti thabwa limugunde. Silinamugunde. Anakweza dzanja. Pakati pa mutu wake wometa ndi thabwalo panakwana chikhatho chonse.

"Ndakhala ndikudabwa chiyambire tsiku la bokosi lija," anatero Feston, akutsamiritsa makwerero kukhoma. "Kanyumba ngati khola la nkhunda, khomo ngati la sitolo ya feteleza. Dinnah, kamunthu kondifika m'khwapa, ankafuna kulowetsamo ngolo?"

"Pa pulani silinali so," anatero Pamela. Ankayang'ana foni yake, osati Aroni. "Anawonjezela mizele iwiri ya njerwa tili pano. Supavaiza wathu ku yunivesite anakalipa maningi, ati wasokoneza miyeso ya khoma. Tinabwelezela masamu onse."

"Chifukwa chake?" anafunsa a Yotamu.

"Anakamba ati, 'Kwathu kuli mlongoti wina. Ukagunda mutu pakhomo umakwiyira mudzi wonse mpaka madzulo. Pulojekiti ikatha ukakhala muno, ine sindifuna nkhondo.'"

Anzake a Feston anaseka. A Yotamu anatsokomola n'kuyamba kufunafuna kanthu m'thumba la jekete. Pangodya ya nyumba yaikulu a Yunesi anakhala pansi pomwe anaimapo.

Aroni analowa. Munali mozizira monga anthu ankanenera. Munkanunkhira dothi ndi maluwa ofota a nkhata. Pansi pankaoneka zipsera za miyendo ya mabenchi awiri amene ananyamula bokosi. Pakhoma lililonse panali kabokosi konga ka machesi, kakuphethira kanyali kobiriwira, kakugwirabe ntchito chifukwa palibe anakauza.

Chimene chinamufikira choyamba unali mkwiyo. Dinnah sanamufunse. Anadziwa kuti akamufunsa akana, ndiye anangomanga, natseka pakamwa, nadikira. Tsiku lina akanadzamupatsa kiyi ngati chinthu chachabechabe, akuseka, ndipo iye akanayenera kunena zikomo kwa mlongo wake wamng'ono pamaso pa amayi awo. Ngakhale pa kukoma mtima anali atamuposa. Ndipo tsopano panalibenso mpata womukanira, kapena womubwezera, kapena wongoyankha foni n'kumulola amalize nkhani yake.

Anagwira khoma la kumbuyo, ladothi lokhalokha lija. Fumbi pang'ono linatsalira m'chikhatho.

Pamwamba malata analira. Feston anali atakwera.

"Bwana injiniya, tulukatu! Tikuyamba denga. Ndikakugwetsera lata amalume ako andiuza ndikumbenso, ine msana watha."

"Tsika," anatero Aroni.

"Wati?"

"Ndati tsika. Muli munthu muno."

Kenako mpando unakwekwesa pansi, ndipo a Yotamu anadzaima kunja kwa khomo, osalowa.

"Ukudziwa chimene ukunena, mphwanga? Si za kugonamo kamodzi kuti mlendo asangalale. Ukalowa walowa. Ine sindibweranso kuchokera ku Vubwi kudzakamba nkhani imodzimodzi."

"Ndamva, amalume."

"Nanga khoma ladothilo mvula ikaligwetsa uli m'tulo?"

"Lizadyeka chabe, ba malume," anatero Pamela kumbuyo kwawo. "Silizagwa."

"Likagwa ndidzayeza," anatero Aroni.

A Yotamu anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, kenako anayang'ana thabwa la pamwamba pa khomo. Anapukusa mutu.

"Feston, chotsa makwerero. Amayi abwere azire pansi lero lomwe."

"Ndiye tadzukira chiyani m'mamawa?" anadandaula Feston akutsika. "Nkhuku yathu ya malipiro nayo yapulumuka?"

"Nkhuku mudya."

"Aa, ndiye nyumba iime zaka zana."

Aroni atatuluka, Pamela anayamba kunena kanthu. Iye anamudula.

"Musandiyamike. Sindikuchitira inu."

"Nidziwa."

"Mundionetse pomwe mumayambira kuyeza. Sindikufuna supavaiza wanu adzati kumudzi analemba zabodza."

"Nizamuonetsani. Si zovuta."

"Kwa inu palibe chovuta," anatero, koma mawuwo anatuluka opanda mphamvu.

Masana amayi awiri anazira pansi ndi dothi lakuda la kudambo. Litauma, Aroni anapita ku chipinda cha matumba natenga mphasa yake, bulangete ndi chikwama cha zida zokonzera mafoni. Amayi ake anali pakhonde akusenda mtedza wa mbewu. Sanakweze maso pamene ankadutsa, koma manja awo anaima mpaka anapitirira khola la mbuzi.

Pakhomo la nyumba ija mutu wake unawerama wokha.

Anaima m'katimo kanthawi, mphasa ili m'khwapa. Kenako anaitula pansi, natuluka panja, nalowanso khosi lili chilili.